Lamulo lilipo, koma limafuna pepala: za malonda, ngozi ndi chuma cha masiye m'maboma a m'malire

TETE – M'maboma a Angónia, Tsangano, Macanga, Chifunde ndi Moatize mulibe mudzi umene mulibe munthu wa kamalonda kake. Wina ali ndi chigayo, wina kantini ya sopo, mchere ndi mafuta ophikira, wina njinga yamoto yonyamula anthu, ndipo wina amapikula mbatata ya kachewere ndi nyemba kukagulitsa ku Tete kapena pa msika wa Lizulu. Anthu amenewa ndiwo amalipirira ana sukulu, ndiwonso amathamangiridwa pakagwa matenda kapena maliro pa mudzi. Komabe ambiri a iwo amayamba kufunsa za lamulo pa tsiku la tsoka lokha, ndipo pa tsikulo amafika ku ofesi ali chimanjamanja, opanda pepala lililonse lowaikira umboni.

Chitsanzo chimene aliyense wa m'malire muno angachizindikire ndi ichi. Bambo anagula chigayo mothandizana ndi mlamu wake, mwa pangano la pakamwa. Tsiku lina, akuchokera kogula dizilo pa njinga, wagundidwa ndi galimoto lalikulu pa msewu wa Mussacama kupita ku Calomue, ndipo wamwalira ku chipatala cha ku Ulónguè. Maliro asanathe n'komwe, pabuka milandu itatu. Mlamu akuti chigayo ndi chake chifukwa ndiye anapereka ndalama zambiri. Mwini galimoto watumiza bokosi ndi matumba awiri a chimanga, nati nkhani yathera pomwepo. Abale a malemu abwera kudzatenga ng'ombe, malata ndi njinga, ndipo akuuza mayi wamasiye kuti abwerere kwawo. Pa milandu itatu yonseyi malamulo a Mozambique ali ndi yankho, ndipo kawirikawiri yankholo limakomera mayi ndi ana. Chovuta n'chakuti lamulo limayamba ndi kufunsa umboni, ndipo umboni umene limaukhulupirira msanga ndi umene unalembedwa tsoka lisanagwe.

Kumene malamulowa achokera

Pamene pangano la mtendere linasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu pafupifupi miliyoni imodzi anali atathawira ku Malawi, ndipo ambiri mwa iwo anali ochokera m'chigawo chino cha Tete. Atabwerera m'zaka za 1993 ndi 1994 anapeza maofesi ambiri a kalembera atawonongeka. Ana obadwira m'misasa ya ku Dedza, Ntcheu ndi Mwanza anakula opanda cédula, maukwati anamangidwa ndi ankhoswe okha, ndipo minda inagawidwanso ndi mafumu pakamwa. Anthu anazolowera kukhala opanda mapepala chifukwa panalibe kowatenga.

M'zaka zomwezo boma linayamba kumanga njira zofikitsira chilungamo kwa anthu wamba. Lamulo nambala 4/92 linakhazikitsa makhoti a m'midzi, aja amati Tribunais Comunitários. Lamulo nambala 6/94 linakhazikitsa bungwe la IPAJ, limene ntchito yake ndi kuimira ndi kulangiza mwaulere anthu amene sangathe kulipira loya, ndipo m'chaka chomwecho munakhazikitsidwanso bungwe la maloya la Ordem dos Advogados. Lamulo la malo linatuluka mu 1997. Malamulo aakulu a dziko a 2004 anavomereza kuti m'dziko muno muli njira zingapo zoweruzira milandu, kuphatikizapo ya makolo, malinga ngati sizikutsutsana ndi malamulo aakuluwo, amene amati mwamuna ndi mkazi ndi ofanana pamaso pa lamulo. Kenaka mu Disembala 2019 kunatuluka malamulo awiri amene anasintha zambiri: la banja, nambala 22/2019, ndi la chuma cha masiye, nambala 23/2019. Pa pepala, tsono, munthu wa kumudzi ali ndi chitetezo chachikulu kuposa chimene makolo ake anali nacho. Koma lamulo lolembedwa m'Chipwitikizi ku Maputo limatenga nthawi kuti lifike pansi pa mtengo wa kachere ku Domué kapena ku Furancungo.

Malonda opanda dzina

Amalonda ang'onoang'ono ambiri amaopa kulembetsa malonda awo poganiza kuti kulembetsa ndi kudziitanira msonkho. Manthawa ali ndi pochokera, chifukwa msonkho ulipodi. Koma kuyambira mu 2009 pali msonkho wapadera wa amalonda ang'onoang'ono wotchedwa ISPC, umene unakonzedwa kuti ukhale wosavuta kuwerengera kusiyana ndi misonkho ya makampani aakulu. Nambala ya msonkho, ija amati NUIT, imaperekedwa ndi ofesi ya Finanças, ndipo chilolezo cha malonda aang'ono chimafunsidwa ku Balcão de Atendimento Único ku Tete kapena ku ofesi ya boma yoona za chuma ndi ulimi, imene anthu amaidziwa ndi dzina lakuti SDAE.

Chimene anthu saganizira n'chakuti chilolezo chimanenanso mwini wa malondawo. Chigayo chimene chili ndi chilolezo m'dzina la munthu, ndi lisiti la kumene injini inagulidwa, n'chovuta kuti wina achilande ndi mawu okha. Pamene anthu awiri asonkherana ndalama, kapepala konena kuti uyu wapereka zakuti, uyo zakuti, phindu lizigawidwa motere, ndipo wina akamwalira gawo lake lipite kwa banja lake, kamathetsa mkangano umene ukanadula chibale. Kapepalako kangalembedwe pa tsamba la kope, kusainidwa ndi eni ake ndi mboni ziwiri, ndipo kamakhala ndi mphamvu yoposa ngati masaini atsimikizidwa ku Conservatória, kumene kuli ntchito za Notário. Chimodzimodzinso ngongole. Wa kantini amene amakongoza feteleza kapena shuga kuti adzalipidwe fodya akagulitsidwa, buku lake la ngongole losainidwa ndi okongolawo ndilo lidzalankhule iye kulibe.

Palinso mfundo ina imene loya aliyense angaifotokoze m'mphindi zochepa. Munthu amene akuchita malonda m'dzina lake lenileni, ngongole za malondawo zimatha kulipidwa ndi katundu wake yense, ngakhale ng'ombe za m'khola. Amene walembetsa kampani, ija amati sociedade, ngakhale ya munthu mmodzi, amalekanitsa chuma cha malonda ndi cha panyumba. Wogulitsa tomato pa benchi sangavutike ndi zimenezi, koma amene wafika pogula galimoto kapena kukongola ku banki ayenera kufunsa asanasaine, pakuti safunsa anadya phula.

Ngozi ndi chipepeso cha m'mbali mwa msewu

Misewu ya m'chigawo chino imanyamula katundu wa maiko atatu. Magalimoto aakulu ochokera ku doko la Beira amadutsa pa Zóbuè ndi pa Calomue kupita ku Malawi, ena pa Cassacatiza kupita ku Zambia, ndipo amayenda msewu umodzi ndi njinga, ngolo ndi ana a sukulu. Anthu a ku Moatize sanaiwale za pa 17 Novembala 2016, pamene thanki ya petulo inaphulika ku Caphiridzange n'kupha anthu oposa 70. Koma ngozi zambiri sizimveka pa wailesi. Ndi za munthu mmodzi wothyoka mwendo, amene sadzalimanso monga kale.

Kuyambira mu 2003, malinga ndi lamulo nambala 2/2003, galimoto loyenda pa misewu ya Mozambique liyenera kukhala ndi inshuwalansi, imene kuno imatchedwa seguro, yolipira anthu amene galimotolo lingawavulaze. Magalimoto ochokera kunja nawonso amafunsidwa seguro polowa pa chipata. Tanthauzo lake n'lakuti wolipira weniweni kawirikawiri si dalaivala wosauka uja amene akupepesa atagwada, koma kampani ya seguro. Ndipo chimene lamulo limawerengera si bokosi lokha ayi. Limawerengera ndalama za ku chipatala, masiku amene munthu walephera kugwira ntchito, kulumala, ululu umene wamva, ndipo ngati wamwalira, chakudya ndi chisamaliro chimene ana ndi mkazi wake akanalandira kwa iye.

Apa ndi pamene mwambo wabwino umapweteketsa eni ake. Kulandira chipepeso pa maliro si kulakwa, ndipo wopereka bokosi wachita zaumunthu. Choopsa ndi kudinda chala pa pepala la Chipwitikizi limene munthu sanaliwerenge, lonena kuti banja lalandira zonse ndipo silidzafunsanso kanthu. Choopsa china ndi kugwirizana kuti apolisi asaitanidwe. Popanda chikalata cha apolisi chofotokoza ngoziyo, nambala ya galimoto, dzina la kampani ya seguro ndi chikalata cha dokotala, kampaniyo ilibe poyambira, ndipo galimoto likangodutsa chipata n'kulowa dziko lina kulipeza n'kovuta.

Pa bwalo la amfumu amati mlandu suola. Ku khoti la boma mlandu wa chipukuta misozi umaola. Lamulo la Código Civil limapereka zaka zitatu, kuwerengera pa tsiku limene wovulalayo anadziwa kuti ali ndi ufulu wofunsa malipiro, ndipo ngakhale pali milandu ina imene nthawiyo imatalikirapo, wodikira mpaka zakazo zitatha amakhala pa ngozi yobwezedwa chimanjamanja. Mabanja ambiri amataya chaka choyamba akulira, chachiwiri akudikira malonjezo a mwini galimoto, ndipo akamadzuka nthawi yatha.

Lamulo lomwe limateteza wamalonda pa msewu limamufunsanso iye mwini. Mnyamata wogwira ntchito pa chigayo akakoledwa dzanja ndi lamba wa injini, imeneyo ndi ngozi ya pa ntchito, ndipo lamulo la 2013 loona za ngozi zotere, Decreto 62/2013, linaika udindo wa chithandizo ndi malipiro pa wolemba ntchito, amene ayenera kukhala ndi seguro ya antchito ake. Mwini njinga yamoto amene wapatsa mnyamata kuti azinyamulira anthu angathenso kufunsidwa mlandu njingayo ikavulaza munthu, ngakhale iye anali kumunda. Ngozi imodzi yotere, popanda seguro, imatha kudya chigayo chonse.

Chuma cha masiye: zimene zinasintha mu 2019

Kwa zaka zoposa makumi asanu dziko lino linkatsata lamulo la Apwitikizi la 1966, limene linkaika mkazi kapena mwamuna wamasiye pa malo achinayi pa mndandanda wa olowa chuma, pambuyo pa ana, makolo ndi abale a malemu. Lamulo nambala 23/2019 linamukweza n'kumuika pa malo oyamba, pamodzi ndi ana. Abale a malemu, kuphatikizapo ana a alongo, amalowa pokhapokha ngati palibe ana, palibe makolo ndiponso palibe mkazi kapena mwamuna wotsala. Ana onse ndi ofanana, aamuna ndi aakazi, obadwira m'banja ndi obadwira kunja.

Chuma chisanagawidwe, palinso chinthu china chimene chimaiwalika pa tsiku la kusudzula. Ngati okwatiranawo sanasankhe njira ina polembetsa ukwati, katundu amene anapeza ali limodzi ndi wa onse awiri. Theka lake ndi la wotsalayo, osati ngati mphatso kapena cholowa, koma ngati thukuta lake. Chimene chimagawidwa kwa olowa chuma ndi theka linalo, pamodzi ndi zimene malemu anali nazo asanakwatire kapena zimene analandira kwa makolo ake. Zimenezi zikukhudza amuna ndi akazi mofanana. Mkazi wa chitengwa amene akuthamangitsidwa kwa apongozi ake ndi mkamwini amene akuuzidwa kuti atenge khasu ndi nkhwangwa azipita, atamanga nyumba ya malata kwa mkazi wake, onsewa lamulo likuwaona ndi diso limodzi. Kuwonjezera apo, lamulo la 2009 lothana ndi nkhanza za m'banja kwa amayi, nambala 29/2009, linatchula kulanda katundu wa banja mwamuna atamwalira kuti ndi mlandu wa chilango.

Komatu zonsezi zimayamba ndi funso limodzi: kodi wamasiyeyo angaonetse bwanji kuti anali pa banja ndi malemu? Lamulo la banja limavomereza ukwati wa ku boma, wa ku tchalitchi kapena ku mzikiti, ndi wa mwambo, koma awiri otsirizawa ayenera kulembetsedwa ku Registo Civil. Limavomerezanso mwamuna ndi mkazi amene akhala limodzi ngati banja popanda kulembetsa, zimene amati união de facto. Lamulo la 2004 linkafuna chaka chimodzi cha kukhala limodzi, koma la 2019 linakweza kufika zaka zitatu. Ukwati umene lamulo limalemba ndi wa mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi, kotero kuti mkazi wachiwiri wa pa mitala ali pa malo ofooka, ngakhale kuti ana ake amalowa chuma cha bambo wawo mofanana ndi ena onse, bola dzina la bamboyo lili pa kalembera wawo wa kubadwa.

Za munda nazonso zili ndi lamulo lake. Nthaka ya Mozambique ndi ya boma ndipo sigulitsidwa. Chimene munthu ali nacho ndi ufulu woigwiritsa ntchito, uja amati DUAT. Lamulo la 1997 linanena kuti ufuluwo umapezeka potsata mwambo wa pamalopo kapena polima malo mwachilungamo kwa zaka khumi, kuti kusowa kwa chikalata sikuuchotsa, kuti umboni wa amuna ndi akazi a m'mudzi ndi wokwanira, ndiponso kuti umasiyiridwa olowa chuma mosasiyanitsa mwamuna ndi mkazi. Pano ndi pamene lamulo linamvera mawu a pakamwa kuposa pena paliponse. Koma mboni zimakalamba ndipo zimamwalira, pamene chikalata chimakhala.

Anthu ambiri amakana kulemba wilo, amene pa Chipwitikizi amati testamento, poti kutero ndi kudziitanira imfa. Ena amati mawu a pa mphasa ya matenda ndi okwanira. Ku khoti la boma mawu oterowo alibe mphamvu ya wilo. Wilo wovomerezeka amalembedwa ndi Notário m'buku lake pamaso pa mboni, kapena amalembedwa ndi mwini wake n'kukatsimikizidwa ndi Notário. Lamulo sililola munthu kumana ana ndi mkazi wake gawo limene linawasungira, koma limamusiyira gawo lina loti apatse amene akufuna. Apa ndi pamene wilo amathandiza mwambo m'malo moulimbana nawo. Mtsibweni amene akufuna kuti mphwake, mwana wa mlongo wake, alandireko ng'ombe monga amachitira makolo, njira yake yotsimikizika ndi wilo, chifukwa popanda wilo lamulo silimuwerengera mphwayo pamene ana alipo.

Pomaliza, ndalama za ku banki, za ku INSS ndi za mu foni monga M-Pesa ndi e-Mola sizitengedwa ndi mawu a ankhoswe. Zimafuna chikalata cha imfa ndi chikalata chonena amene ali olowa chuma, chija amati habilitação de herdeiros. Pamene pali ana aang'ono, khoti ndi Procuradoria ali ndi udindo woyang'anira kuti gawo la anawo lisadyedwe. Maliro amene aikidwa popanda kulembetsa imfa amatseka zitseko zonsezi.

Vuto la malire

Kwa anthu a m'malire pali mfundo ina imene a ku Maputo saiona. Banja limodzi limatha kukhala ndi munda ku Tsangano, kantini ku Biriwiri ndi mwana wophunzira ku Ntcheu. Chilankhulo ndi chimodzi, mafumu ndi apachibale, koma malamulo ndi awiri. Nyumba kapena malo amene ali ku Malawi amayendetsedwa ndi maofesi a kumeneko, motsata lamulo lawo la chuma cha masiye la 2011, limenenso limaletsa kulanda katundu wa amasiye. Chikalata cha dziko lina sichingolandiridwa m'dziko linzake popanda kutsimikizidwa, ndipo nthawi zina kumasuliridwa. Vuto lina ndi la maina. Munthu amene pa bilhete wake wa kuno analembedwa ndi dzina lina, ndipo pa chiphaso cha ku Malawi kapena pa buku la banki ali ndi dzina lina, amasiyira ana ake ntchito yaikulu yotsimikiza kuti anthu awiriwo ndi mmodzi. Kukonza dzina mwini wake ali moyo n'kosavuta kusiyana ndi kulikonza ali m'manda.

Kodi thandizo lili kuti

Khoti la m'mudzi ndi bwalo la amfumu ndiwo ali pafupi, amalankhula chilankhulo cha anthu ndipo amadziwa mbiri ya munda uliwonse. Ntchito yawo yaikulu ndi kuyanjanitsa. Sangathe kulamula kampani ya seguro kapena banki, sangaike munthu m'ndende, ndipo amene sanakhutire ndi chigamulo chawo ali ndi ufulu wopita ku khoti la boma, Tribunal Judicial. Amene alibe ndalama za loya apite ku IPAJ, imene ili ndi nthambi ku Tete ndi m'maboma ambiri, atatenga chikalata chotsimikiza umphawi, atestado de pobreza, kuchokera kwa akuluakulu a boma a kwawo. Mayi wolandidwa katundu angayambirenso ku ofesi ya apolisi yoona za mabanja ndi ana, kapena ku Procuradoria.

Koma sikungakhale chilungamo kusenzetsa anthu a kumudzi mtolo wonse. Maloya ambiri a dziko lino ali m'mizinda ikuluikulu, ndipo ochepa amene ali m'chigawo chino amapezeka makamaka mumzinda wa Tete. Munthu wa ku malire a Chifunde kapena Macanga amataya ndalama za ulendo ndi masiku a kumunda kuti akapeze ofesi, ndipo akauzidwa kuti abwerenso mawa, ambiri sabwereranso. Milandu imakambidwa m'Chipwitikizi, ndipo ngakhale womasulira alipo, munthu amaopa kulankhula pamalo pamene sakumva zonse. Mafumu, masekeretale ndi oweruza a m'midzi, amene ndiwo amayamba kumva nkhani ya chuma cha masiye, si onse amene anafotokozeredwa zimene zinasintha mu 2019, kotero ena amaweruzabe monga kale mosadziwa kuti akulakwira lamulo. Ngati boma likufuna kuti malamulo akewa agwire ntchito, liyenera kuwamasulira m'zilankhulo za anthu, kuwaulutsa pa mawailesi a m'maboma, kuphunzitsa mafumu, ndi kutumiza a kalembera ndi a IPAJ m'misika pa masiku a msika, monga momwe a katemera amafikira m'midzi.

Pamene zimenezo zikudikirika, pali zinthu zimene banja lililonse lingachite m'nyengo ya chilimwe, ndalama za fodya ndi mbatata zikadali m'thumba: kulembetsa ana, kulembetsa ukwati, kusunga malisiti a katundu wamkulu, kulemba mapangano a malonda ndi a ngongole, kulipira seguro ya njinga yamoto kapena galimoto, ndi kufunsa za wilo ku Conservatória. Mapepala onsewa amakwana mu jumbo imodzi ya pulasitiki yosungidwa pamalo pamene mkazi, mwamuna ndi mwana wamkulu akupadziwa. Mayi wa chigayo uja, akanakhala nayo jumbo yotereyi, akanafika ku khoti ali ndi choonetsa pa milandu yake itatu yonse.